Nyamakazi ya m'bondo ndi m'nyung'unyu: kayezedwe kake ndi kafewetsedwe ka mfundo ndi manja

Wodwala nyamakazi ya m'mafupa sabwera kuchipinda cha mafizo ndi dzina la matenda ake. Amabwera ndi dandaulo. Wina amati akanjuta m'chimbudzi sadzuka mpaka agwire khoma, wina anasiya kugwada kutchalitchi, wina akangolima mizere isanu bondo latupa kale. Ntchito yathu imayambira pa dandaulo limenelo, ndipo ngati tathandiza kapena ayi timadziwira pa dandaulo lomwelo. Malangizo awa ndalembera anzanga amene angoyamba ntchito ya mafizo, ophunzira amene akuzungulira m'mawodi, ndi ogwira ntchito m'zipatala za m'maboma amene amakumana ndi mawondo otere tsiku ndi tsiku. Ngati ndinu wodwala kapena mukusamalira kholo lanu, werengani kuti mudziwe zochitika kuchipatala, koma zokoka ndi kukankha mafupazi musakayeserere pa agogo kunyumba. Zanu zili chakumapeto, pa masewera olimbitsa minofu.

Tiyambe tamvana za matendawa. Pamene mafupa amakumana pali chicherewecherewe, chija choyera chimene ana amakonda kukukuta pa fupa la nkhuku. Pa nyamakazi imene madokotala amaitcha osteoarthritis, chicherewecherewechi chimaperepeseka, fupa la pansi pake limalimba n'kumera timinga m'mbali, thumba lokuta mfundo yonse limauma ndi kufupika, ndipo minofu imafooka chifukwa munthu amaopa kupondera mwendowo. Bungwe la WHO linawerengera kuti mu 2019 anthu pafupifupi 528 miliyoni padziko lonse anali ndi matendawa, ndipo 365 miliyoni anali nawo m'bondo. Manja athu sangameretsenso chicherewecherewe chimene chatha, ndipo wodwala amve zimenezi tsiku loyamba lomwe. Chimene manja amatha ndi kuchepetsa ululu ndi kumasula thumba louma lija, kuti munthu apeze poyambira masewera.

Choyamba: muoneni asanakhale pansi

Kuyeza kumayamba munthu akulowa pakhomo, choncho musaweramire pa kabuku kake. Wodwala nyung'unyu, ndiye kuti mfundo imene mutu wa fupa la ntchafu umalowa m'chiuno, amapendekera thupi kumbali yodwalayo akamaponda, ndipo sachedwa kunyamula phazi. Wodwala bondo amayenda bondolo lili lopindika pang'ono, ndipo ambiri miyendo imachita matewe otulukira kunja chifukwa mbali ya m'kati ya bondo ndi imene imayamba kutha. Onani dzanja limene lagwira ndodo. Onani ngati akukhala pampando mwa mphamvu zake kapena akungodzigwetsera. Onaninso nsapato, kuti zatha mbali iti.

Chachiwiri: funsani, ndipo aloze ndi chala

Mukapatsana moni, nenani kuti, "Amayi, tandilozerani ndi chala chimodzi pamene pakupweteka." Musakhutire ndi mawu okha, chifukwa mawu akuti chiuno amanyamula zambiri. Munthu akati chiuno chikumupweteka, akhoza kukhala akunena msana wa m'munsi, m'mbali mwa matako, kapena nyung'unyu yeniyeniyo, ndipo malo atatuwa thandizo lake ndi losiyana. Ululu wa nyung'unyu nthawi zambiri umamveka m'mphechepeche, n'kutsika kutsogolo kwa ntchafu mpaka pabondo. Ena amagwira m'mbali mwa chiuno, chala chachikulu kumbuyo, zala zina kutsogolo, ngati akugwira kapu. Koma mayi wachikulire sangaloze m'mphechepeche pamaso pa mnyamata wa msinkhu wa mdzukulu wake. Adzaloza bondo kapena msana, inu n'kusokera. Itanani namwino wamkazi kapena womudikirira, m'fundikeni chitenje, kenako funsaninso.

Funsani zaka zake, chimene chimadzutsa ululu, ndi chimene chimauziziritsa. Funsani kuti m'mawa akadzuka, mfundoyo imauma kwa nthawi yaitali bwanji. Malangizo a bungwe la NICE la ku Britain a mu 2022 amati munthu wa zaka 45 kapena kuposerapo, amene ululu umabwera akamagwira ntchito, ndipo kuuma kwa m'mawa sikupitirira mphindi 30, angathe kudziwika kuti ali ndi nyamakazi iyi popanda kumujambula. Mfundo imeneyi ndi yothandiza kwathu kuno, kumene ekisileyi ikhoza kukhala ulendo wa tsiku lonse. Odwala ambiri amaumirira kuti awajambule, ndipo ndimawamvetsa, koma chithunzi ndi ululu sizimayendera limodzi nthawi zonse. Muyezo wa Kellgren ndi Lawrence wa mu 1957 umaika kutha kwa mfundo pa chithunzi kuyambira 0 mpaka 4, komabe mudzaona agogo a chithunzi choopsa akupita kudimba, pamene wina wa chithunzi chooneka bwino akulephera kukwera minibasi.

Pa kukula kwa ululu timagwiritsa ntchito manambala 0 mpaka 10. Kwa amene manambala amawasokoneza, ine ndimasunga nyemba khumi m'kabotolo. Ndimazithira patebulo n'kunena kuti, "Agogo, nyemba zonsezi ndi ululu woposa wonse umene munaumvapo. Wa leroli ndi nyemba zingati?" Amasankha mosavuta, ndipo sabata yotsatira amakumbukira.

Chachitatu: tsimikizani kuti si matenda ena

Gawo ili musalidumphe ngakhale mzere utalike bwanji panja. Bondo lotentha, lotupa mwadzidzidzi, munthu akumva malungo ndipo sakulola kuti muligwire, likhoza kukhala ndi mafinya m'kati. Ameneyo apite kwa dokotala tsiku lomwelo, chifukwa majeremusi amawononga mfundo m'masiku ochepa. Ululu wa nyung'unyu wa miyezi ingapo, pamodzi ndi kuonda, kutuluka thukuta usiku kapena kutsokomola, uzikukumbutsani TB ya m'mafupa. Munthu wa zaka 30 kapena 35 amene akumva ululu m'mphechepeche sanafike msinkhu wa nyamakazi iyi, ndiye ganizirani za kufa kwa mutu wa fupa la ntchafu chifukwa cha kuchepa kwa magazi ofikako, makamaka ngati ali ndi sickle cell, ali ndi HIV, wamwa mankhwala a steroid kwa nthawi yaitali, kapena amamwa mowa kwambiri. Agogo amene anagwa sabata yatha, mwendo wafupika ndipo phazi lagonera kunja, athyoka fupa mpaka chithunzi chitakana. Ululu wosasiya usiku, wosasintha ngakhale munthu agone bwanji, kwa amene anadwalapo khansa, nawonso si wa mafizo. Katumba wotupa ndi wotentha mwendo umodzi akhoza kukhala magazi oundana mumtsempha, ndipo ameneyo musamusisite.

Funsani za mankhwala. Amene akumwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, amene mafupa ake ndi ofooka kwambiri, ndi amene anamuika mfundo yachitsulo posachedwa, musawakoke kapena kuwakankha mwamphamvu. Yang'ananinso khungu. Ambiri amafika atatemera mphini pabondo, ndipo ngati mabala ndi aawisi dikirani apole. Kuwakalipira sikuthandiza, amangosiya kukuuzani zoona.

Chachinayi: yezani nyung'unyu, ngakhale dandaulo ndi bondo

Izi ndinaziphunzira movutikira. Ndili watsopano pantchito, kunabwera bambo wina wopalasa njinga ya katundu, akudandaula bondo lamanzere. Ndinalimbana ndi bondolo milungu itatu, kulitenthetsa, kulipinda, kulisisita, koma osasintha. Tsiku lina akuvala nsapato ndinaona kuti akulephera kufika kuphazi, akuchita kupotoza thupi lonse. Nditamugoneka n'kuzunguza ntchafu, nyung'unyu inali gwa, ndipo ululu wake wa pabondo unabwera pomwepo. Mitsempha imene imamva ululu m'nyung'unyu imafikanso kubondo, ndiye munthu amaloza kumene akumva, osati kumene kuli vuto. Milungu itatu ya bambo uja inapita pachabe chifukwa cha kuyeza kwa mphindi imodzi kumene sindinachite.

Yambani wodwala ali chiimire. Aime ndi mwendo umodzi atagwira tebulo ndi chala, inu muli kumbuyo kwake. Chiuno chikagwera mbali ya mwendo umene wanyamulidwa, minofu ya m'mbali mwa thako la mwendo umene waponda ndi yofooka. Kuyeza kumeneku ndi kwa Trendelenburg. Kenako agone chagada. Yambani ndi mwendo wabwino kuti adziwe chimene mukuchita, komanso kuti mupeze poyerekezera. Pindani ntchafu kupita pachifuwa: yabwino imafika madigiri pafupifupi 120. Itsegulireni kunja: imafika 40 kapena 45.

Kofunika kwambiri ndi kuzungulira m'kati, chifukwa pa nyamakazi ya nyung'unyu kumeneku n'kumene kumakonda kuyamba kuchepa. Pindani ntchafu ndi bondo madigiri 90 zonse, dzanja limodzi pabondo, lina pachidendene, n'kutengera phazi kunja. Ophunzira amasokonezeka apa chaka chilichonse: phazi likapita kunja, fupa la ntchafu lazungulira m'kati. Yabwino imafika madigiri 35 mpaka 45. Muyezo wa akatswiri a nyamakazi a ku America wa mu 1991 umati ululu wa nyung'unyu, kuzungulira m'kati kosafika madigiri 15, ndi kupinda kosapitirira 115, zikakumana zimaloza ku matendawa.

Pamene mwendo waima, mvetserani ndi manja anu kuti waima bwanji. Ukaima ngati mukukoka chikopa chouma, cholimba koma chololera pang'ono, ndi thumba lija, ndipo manja angathandize. Ukaima ngati mwala wagunda mwala, ndi fupa, musalimbane nalo. Wodwala akakuletsani ndi ululu inu musanamve kulimba kulikonse, bwererani ku gawo lachitatu.

Onjezani mayeso ena awiri. Ikani kakolo pabondo la mwendo winawo, miyendo ipange nambala 4, n'kutsitsa bondo pang'onopang'ono: ululu wa m'mphechepeche ndi wa nyung'unyu, wa kumbuyo umaloza m'munsi mwa msana. Kenako akumbatire bondo labwino pachifuwa. Ntchafu yodwala ikanyamuka pabedi, ndiye kuti siwongoka mokwanira, ndipo n'chifukwa chake amayenda chowerama. Musaiwale kukweza mwendo wowongoka kuti muone ngati ululu sukuchokera kumsana.

Chachisanu: yezani bondo

Ikani kumbuyo kwa dzanja pa mawondo onse awiri, mumve kutentha. Pofuna madzi, sisitani mbali ya m'kati ya bondo kupita m'mwamba kawiri kapena katatu, kenako sisitani mbali ya kunja kupita m'munsi, maso ali m'kati muja. Mukaona kachotupa kakutuluka, muli madzi. Pindani bondo n'kutsata ndi chala pamzere pamene mafupa amakumana, mufunse pamene pakuwawa. Gwirani kumbuyo kwa bondo, chifukwa ena amakhala ndi thumba la madzi kumeneko. Ikani chikhatho pa kafupa ka pamwamba pa bondo, kamene timakatcha patella, wodwala akupinda ndi kuwongola: mudzamva ngati muli mchenga. Phokoso lokhalo lisakuopseni, ndipo muuzeni wodwala kuti nayenso lisamuopse.

Bondo labwino limapinda madigiri pafupifupi 135 ndipo limawongoka mpaka 0. Ngati goniometer, chipangizo choyezera madigiri a mfundo, palibe, tepi ya telala ikwanira. Yezani masentimita kuchokera pachidendene kufika pathako bondo litapindidwa mpaka pomaliza, ndipo pa kuwongoka werengani zala zimene zikulowa pansi pa bondo munthu atagona chagada. Yezani kukula kwa ntchafu masentimita 10 pamwamba pa patella mbali zonse, muone mmene mnofu waphwera. Gwedezani bondo cham'mbali kuti mudziwe ngati ndi lokhwepa. Ine kuwongoka ndimakusamala kuposa kupinda. Bondo losawongoka, ngakhale ndi madigiri 10 okha, limatopetsa mnofu wa ntchafu nthawi yonse imene munthu waimirira.

Chachisanu ndi chimodzi: lembani nambala ya zimene amatha kuchita

Mu 2013 bungwe la akatswiri ofufuza za nyamakazi imeneyi la OARSI linasankha mayeso osavuta a odwala otere, ndipo safuna makina. Khazikani wodwala pampando wopanda mikono, wotalika masentimita 43, wotsamira khoma. Apingase manja pachifuwa, adzuke ndi kukhala kwa masekondi 30, inu mukuwerenga. Jambulani mzere wa mamita 10 pakhonde, ayende mofulumira kanayi kuti akwane mamita 40, inu mukusunga nthawi pafoni. Ngati pali masitepe, ayesenso kukwera ndi kutsika.

Kenako sankhani chinthu chimodzi chimene chimadzutsa ululu wake mosalephera, monga kunjuta theka, kukwera sitepe imodzi, kapena kuika phazi pampando ngati akumanga nsapato. Achite, anene nyemba zingati, mulembe. Chimenechi ndicho muyezo wanu wa lero. Popanda icho simungadziwe ngati manja anu achita kanthu.

Chachisanu ndi chiwiri: sankhani mphamvu ya manja

Kufewetsa mfundo ndi manja, kumene m'kalasi timakutcha mobilization, si kusisita minofu komanso si kuliza mafupa. Ndi kusuntha fupa limodzi pa linzake pang'onopang'ono, mobwerezabwereza, pa liwiro loti wodwala akhoza kukuimitsani nthawi iliyonse. Geoffrey Maitland wa ku Australia anagawa mphamvuyi m'magiredi anayi. Giredi 1 ndi kugwedeza kwakung'ono koyambirira kwenikweni. Giredi 2 ndi kugwedeza kwakukulu koma kosafika polimba. Giredi 3 ndi kwakukulu kolowa polimba, ndipo giredi 4 ndi kwakung'ono pamapeto penipeni. Awiri oyambawo ndi a ululu, awiri omalizawo ndi a kuuma.

Posankha, funsani kuti ululu ukadzuka umatenga nthawi yaitali bwanji kuti ugone. Amene akayenda pang'ono amavutika usiku wonse, yambani ndi giredi 1 kapena 2, masekondi 30, kawiri basi. Amene vuto lake lalikulu ndi kuuma, ndipo ululu umatha akangopuma, pitani pa 3 ndi 4, masekondi 30 mpaka 60, katatu, mukugwedeza kamodzi kapena kawiri pa sekondi. Tsiku loyamba chepetsani dala. Amene mwamupweteka tsiku loyamba sabweranso, ndipo kumudzi amakauza anzake kuti kumafizo amathyola anthu.

Chachisanu ndi chitatu: nyung'unyu

Yambani ndi kukoka mwendo wonse. Wodwala agone chagada. Gwirani pamwamba pa kakolo ndi manja awiri, kwezani mwendo madigiri 30, utsegulireni kunja madigiri 30, phazi lipenye kunja pang'ono. Pamenepa m'pamene thumba la nyung'unyu limakhala lomasuka kwambiri. Wongolani mikono yanu, phazi limodzi kutsogolo lina kumbuyo, n'kutsamira chambuyo kuti thupi lanu ndilo likoke, osati mikono. Gwirani masekondi 10 mpaka 20 n'kumasula, kapena gwedezani pang'onopang'ono. Ambiri amapuma mozama n'kunena kuti, "Eya, pamenepo." Ngati bondo la mwendo womwewo ndi lotupa kapena lokhwepa, gwirani pamwamba pa bondo m'malo mwa kakolo. Ngati wodwala akutsetsereka pabedi, womudikirira agwire chiuno.

Yachiwiri ndi yokokera cham'mbali ndi lamba, ndipo ndi imene ndimaidalira pa kuzungulira m'kati. Lamba wogula m'sitolo ya zachipatala si wofunika kwenikweni. Chitenje cholimba chopindidwa m'litali n'kumangidwa mfundo yosamasuka chimagwira ntchito, ngakhalenso lamba wa pampando wa galimoto yakutha. Wodwala agone m'mphepete mwa bedi, ntchafu itapindidwa. Fotokozani kaye kumene lambayo adutse, ndipo mupemphe chilolezo. Ikani thaulo m'kati mwa ntchafu, kolekani lamba m'mwamba kwambiri pafupi ndi mphechepeche, mbali inayo izungulire matako anu. Dzanja limodzi ligwire chiuno chake, mkono wina ukumbatire bondo kuti lisapite nanu. Bwezani matako anu kumbuyo pang'ono, mutu wa fupa udzasunthira kunja. Mukukokabe choncho, zunguzani ntchafu m'kati ndi kubweza, kasanu kapena kakhumi. Njira yophatikiza kukoka ndi kusuntha imeneyi ndi ya Brian Mulligan wa ku New Zealand, ndipo lamulo lake ndi loti isapweteke. Ikapweteka sinthani kolowera lamba pang'ono, ikapwetekabe isiyeni.

Kwa amene akulephera kupinda ntchafu, ikani mwendo wake paphewa panu, lumikizani zala zanu kutsogolo kwa ntchafu m'mwamba, n'kukokera kumapazi a bedi. Kwa amene ntchafu siwongoka, agone chafufumimba, ikani chikhatho m'munsi mwa thako pa fupa la ntchafu, n'kukankhira kubedi, mkono wanu uli wowongoka. Okalamba ambiri chafufumimba sagona bwino, ndiye ikani pilo pamimba kapena agone cham'mbali.

Chachisanu ndi chinayi: bondo

Yambani ndi patella, mwendo utawongoka ndipo mnofu uli lende. Igwireni ndi zala m'mbali mwake, muisunthire m'kati, kunja, m'mwamba ndi m'munsi. Kuitsitsa kumathandiza kupinda, kuikweza kumathandiza kuwongola. Musaikanikizire pansi pa fupa, chifukwa pamenepo ndi pamene pali bala.

Kenako wodwala akhale m'mphepete mwa bedi miyendo ili lendelende, thaulo pansi pa ntchafu. Khalani pa kampando kafupi, gwirani pamwamba pa kakolo, kokerani pansi mofatsa. Bondo limakhala lomasuka kwambiri likapindika madigiri pafupifupi 25, choncho lopweteka kwambiri yambirani pamenepo wodwala atagona, pilo pansi pa bondo.

Pofuna kuwonjezera kupinda, agone chagada, bondo lopindika, phazi pabedi. Khalirani phazilo pang'ono kuti lisathawe, ikani zikhatho kutsogolo kwa msongolo m'munsi mwa bondo, n'kukankhira kumbuyo. Bondo likamalola, lipindeni kwambiri n'kubwereza pamalo atsopanowo. Kathaulo kokulunga koikidwa kumbuyo kwa bondo popinda kamachepetsa kupanikizana kwa mafupa. Pofuna kuwonjezera kuwongoka, ikani chidendene pa thaulo lokulunga kuti bondo likhale m'malere, dzanja limodzi pamwamba pa patella pa fupa la ntchafu, n'kukankhira kubedi pang'onopang'ono ndi giredi 3 kapena 4. Apa yang'anani nkhope ya wodwala, osati bondo. Anthu akuluakulu amapirira mwaulemu, ndipo mukafunsa amati "palibe vuto" mano atalumana.

Chakhumi: yezaninso pomwepo

Adzuke, ayende pang'ono, achitenso chinthu chija munasankha. Ngati nyemba zatsika kuchoka pa 6 kufika pa 4, kapena chidendene chayandikira thako ndi masentimita atatu, njira imeneyo ndi yake, ilembeni. Ngati palibe kusintha, yesani ina, kapena yesani nyung'unyu ngakhale dandaulo ndi bondo. Mukaonana kawiri kapena katatu popanda kusintha kulikonse, manja sakuthandiza munthu ameneyu, ndiye nthawi yonse ipite ku masewera. Muchenjezeni kuti madzulo akhoza kumva kuwawa pang'ono, koma kuzitha pasanathe maola 24.

Ndinene chilungamo pa za kafukufuku, chifukwa ife okonda ntchito ya manja timafuna kumva zotikomera zokha. Ku Netherlands mu 2004, Hoeksma ndi anzake anayesa odwala nyung'unyu 109, ndipo 81 pa 100 alionse a gulu la manja anati apeza bwino, poyerekeza ndi 50 a gulu la masewera. Koma ku Melbourne ku Australia mu 2014, Kim Bennell ndi anzake anayesa odwala 102 n'kupeza kuti mafizo enieni sanapose thandizo longonamizira. Pa bondo, Gail Deyle ndi anzake ku America mu 2020 anapeza kuti mwa odwala 156, amene analandira mafizo anali bwino patatha chaka kuposa amene anabayidwa jakisoni wa steroid m'bondo. NICE imati manja azigwiritsidwa ntchito pa bondo ndi nyung'unyu pokha, ndiponso limodzi ndi masewera, osati paokha. Ine ndimagwirizana nazo. Pa mphindi 30 zimene ndili ndi wodwala, manja satenga zoposa 10.

Zokachita kunyumba

Perekani masewera atatu kapena anayi, osati khumi, ndipo awachite pamaso panu asanatuluke. Kudzuka ndi kukhala pampando, kakhumi, katatu. Kugona pamkeka, kukanikiza thaulo ndi kumbuyo kwa bondo masekondi asanu. Kugona chagada mawondo opinda n'kunyamula matako. Kugona cham'mbali n'kukweza mwendo wa pamwamba, chidendene chili kumbuyo pang'ono. Akayamba kulimba, akwere ndi kutsika pa njerwa kapena pakhonde. Amene ali ndi njinga akweze chishalo n'kumapalasa pamalo athyathyathya. Pulogalamu ya GLA:D imene inayamba ku Denmark mu 2013 imachita masewera otere kawiri pa sabata kwa milungu isanu ndi umodzi, ndipo lamulo lake la ululu ndi losavuta kuphunzitsa: mpaka nyemba zisanu palibe vuto, bola mawa lake ululu ubwerere pamene unali. Ukapitirira, achepetse, asasiye.

Ndodo igwiridwe ndi dzanja la mbali yabwino, ndipo iziponda limodzi ndi mwendo wodwala. Ambiri amaigwira mbali yodwala, ndipo mukawasintha amadabwa kuti ululu wachepa pomwepo. Kutalika kwake kufike pamene dzanja limapindikira, munthu ataimirira mikono ili pansi. Pa chimbudzi chokumba, mpando wakale wobowola pakati, kapena mtengo wolimba wozika pambali woti agwire podzuka, zimasintha moyo wa munthu kuposa chilichonse chimene ndingachite ndi manja anga. Khasu likhale la mpini wautali, ntchito ya kumunda igawidwe m'zigawo, ndipo pophika akhale pampando m'malo monjuta pa mafuwa.

Nkhani ya kunenepa ilankhulidwe mwaulemu, poti kwathu kuno thupi ndi ulemerero. Kafukufuku wa Messier ndi anzake wa mu 2005 anaonetsa kuti kilogalamu imodzi ikachoka m'thupi, katundu wa pabondo amachepa ndi makilogalamu pafupifupi anayi pa kuponda kulikonse. Nambala imeneyi anthu amaimva msanga kuposa ulaliki wa zakudya.

Funsani mapiritsi amene akugula okha. Ambiri amamwa brufen, diclofenac kapena indosidi tsiku lililonse kwa miyezi, nthawi zina mitundu iwiri pamodzi. Mankhwalawa amayambitsa zilonda za m'mimba, amakweza BP ndipo amavulaza impso, makamaka kwa okalamba, odwala shuga, ndi amene ali pa ma ARV okhala ndi tenofovir. Pa bondo, diclofenac wopaka ndi wabwino kuyamba naye. Zosintha mankhwala zisiyireni dokotala, koma muuzeni zimene mwapeza.

Wodwala akachita masewera mokhulupirika kwa miyezi itatu koma ululu ukumuletsabe kugona, kapena sakutha kufika ngakhale kuchimbudzi, m'tumizeni kwa madokotala a mafupa, kudzera kuchipatala cha boma lake mpaka ku Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba kapena Mzuzu. Masewera asawasiye pamene akudikira, chifukwa amene amalowa opaleshoni minofu ili yolimba savutika kuyambanso kuyenda.

M'kabuku kake lembani madigiri kapena masentimita a lero, nambala ya kudzuka pampando, chinthu chimene munasankha ndi nyemba zake musanagwire ndi mutagwira, njira ndi giredi imene munagwiritsa ntchito, ndi masewera amene mwapereka. Tsiku lobweranso ligwirizane ndi mtunda umene amayenda. Wa pafupi abwere kawiri pa sabata poyamba, wa kutali abwere pakatha milungu iwiri kapena itatu, ndipo abwere ndi mdzukulu amene aziwerenga naye masewerawo kunyumba.